Kutenga Magazi a Ng'ona Si Masewera

Ng'ona zikamenyana sizinyengererana. Zazimuna zikamalimbirana dera kapena zazikazi zimang'ambana, kudulana michira, nthawi zina mpaka kuthothola mwendo wonse. Yovulalayo ilibe kwina kothawira koma m'madzi omwewo a matope, momwe muli ndowe, nsomba zowola ndi tizilombo tosawerengeka. Munthu atalowa m'madzi otero ali ndi bala lalikulu chomwecho, pasanathe masiku ambiri balalo litukusira. Koma anthu ogwira ng'ona amakumana kawirikawiri ndi zamiyendo itatu, pamene panaduka mwendo patapola bwinobwino, ng'onayo ili yonenepa ndithu.

Funso loti zimenezi zimatheka bwanji ndi limene linkatulutsa a Mark Merchant usiku kupita m'madambo a ku Louisiana, m'dziko la America. Iwowa ndi katswiri wa sayansi pa McNeese State University, ndipo ng'ona zakwawoko ndi za mtundu wa alligator, zapakamwa potambalala, zachibale ndi zathu za mu Shire. Mu 2003 a Merchant ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza. Atathira madzi a m'magazi a alligator pa mitundu 23 ya mabakiteriya, mitundu yonse 23 inalephera kuswana, pamene madzi a m'magazi a munthu anagonjetsa mitundu 8 yokha. Atolankhani anawakonda manambala awiriwo. Chimene sankachifotokoza n'chakuti manambala otere amadalira kwambiri zimene zachitika m'bwato ng'ona itangogwidwa, ndiponso m'maola otsatira magaziwo asanalowe mufiriji. Kafukufuku akhoza kuonongekera pomwepo, asanafike n'komwe pakhomo pa labotale.

Ntchitoyi imagwiridwa usiku chifukwa masana ng'ona imaona munthu akadali patali n'kumira. Mmodzi amakhala kutsogolo kwa bwato ndi tochi yamphamvu, n'kumaunika pamwamba pa madzi. Maso a ng'ona amanyezimira mofiira kuwala kukawagunda, ndipo wozolowera amatha kuyerekeza kukula kwa nyamayo poona kutalikirana kwa masowo ndi mphuno. Yaing'ono, yosafika mita imodzi, amaigwira ndi manja pakhosi. Yokulirapo amaikola ndi khwekhwe la waya lomangirira kunsonga kwa mtengo wautali, ndipo ikangomva kuti yakodwa imayamba kudzipotokola m'madzi, kugubuduka, kumenya bwato ndi mchira. Ikafooka pang'ono amaikokera pafupi n'kuitseka pakamwa. Apa chilengedwe chinawakomera mtima ofufuza. Minofu yotsekera nsagwada za ng'ona ndi yamphamvu moti imaphwanya mafupa, koma yotsegulira ndi yofooka kwambiri, kotero tepi yamagetsi kapena lamba wa mphira zimakwanira kuti isayasamule. Kenako amaiphimba kumaso ndi nsalu yonyowa, chifukwa ng'ona ikasiya kuona imadekha, ndipo wina amaikhalira paphewa pamene mnzake wagwira mchira.

Nthawi yonseyi wina amakhala akuyang'ana wotchi. Nyama ikachita mantha thupi lake limatulutsa homoni yotchedwa corticosterone, yomwe imasintha kagwiridwe ntchito ka chitetezo cha m'thupi ndi kuchuluka kwa mitundu ya asilikali a m'magazi. Ofufuza mbalame ndi amene anayambitsa chizolowezi choti magazi azitengedwa pasanathe mphindi zitatu chigwirireni nyamayo, kuti zimene zayezedwa zikhale za nyama yomwe inali pamtendere, osati ya mantha. Kwa buluzi zimenezi n'zotheka. Kwa ng'ona ya mamita atatu n'kulota chabe, choncho chimene ofufuza amachita n'kulemba mphindi yeniyeni imene yagwidwa ndi imene magazi atuluka, kuti powerengera zotsatira adzadziwe kuti mantha analowererapo motani.

Pali chifukwa china chofulumirira, ndipo ichi n'chokhudza moyo wa ng'onayo. Ikamalimbana, minofu yake imagwira ntchito mopanda mpweya wokwanira n'kumatulutsa asidi wotchedwa lactic acid. Asidiyu amaunjikana m'magazi ndipo ng'ona imatenga maola ambiri kuti imuchotse. Zikuluzikulu ndi zimene zili pangozi kwambiri chifukwa zimalimbana nthawi yaitali, moti zina zimafa pambuyo pomasulidwa, kapena kumira chifukwa chosowa mphamvu yotukulira mutu. Gulu losamala limayesetsa kuti kulimbanako kuthe msanga, ndipo likamaliza silingoiponya m'madzi akuya n'kumapita.

Nanga singano ilowa pati pa nyama yomwe thupi lonse ndi mamba olimba, yopanda mtsempha ndi umodzi womwe wooneka ndi maso? Malo odalirika ali pankhosi, kuseri kwenikweni kwa chigaza. Mkati mwa mafupa a khosi, pamwamba pa chingwe cha msana, mumadutsa njira yaikulu ya magazi. Wotenga magazi amapukuta malowo ndi mankhwala ophera tizilombo, amapeza pakati penipeni ndi chala, amaweramitsa mutu wa ng'ona pang'ono, n'kulowetsa singano choimirira pakati pa mamba. Amaikankha pang'onopang'ono kwinaku akukoka jakisoni mopepuka. Magazi akangoonekera, dzanja liime pomwepo, chifukwa kungopitirira pang'ono ndiye kuti walasa chingwe cha msana. Ndi ntchito ya kumva ndi zala kuposa kuona. Mu 2014 a Jan Myburgh a pa yunivesite ya Pretoria ku South Africa ndi anzawo anafotokoza mwatsatanetsatane mmene njira ya magaziyi inakhalira m'khosi mwa ng'ona ya mtundu wa Nile, womwe ndi mtundu wa ng'ona za m'nyanja ya Malawi, mu Shire, mu Luangwa ndi mu Zambezi, kuti madokotala a ziweto azidziwa bwino pamene akubaya.

Nyama zina zokwawa zili ndi malo awoawo. Kwa abuluzi, ng'azi ndi njoka zambiri, magazi amatengedwa kunsi kwa mchira: singano imalowa mpaka kugunda fupa, kenako amaibweza pang'ono. Kwa zazimuna amabaya motalikira ndi potulukira chimbudzi, poti ziwalo zoberekera zimabisala m'tsinde la mchira. Abuluzi ena amadula okha mchira akaopsezedwa, ndiye wogwira mosasamala amatsala ndi mchira m'manja mwini wake atathawa. Njoka ina amaigoneka chagada, n'kuyang'anitsitsa pamene mamba a pamimba akugunda, n'kutenga magazi mumtima mwenimwenimo, ndipo ikagwiridwa ndi munthu waluso imachira popanda vuto. Kamba ndiye wovuta mwa njira yakeyake, chifukwa akabweza mutu m'chigoba palibe chomukakamiza. Wina ayenera kudikira moleza mtima kuti agwire mutuwo utatuluka, kuti mtsempha wa m'khosi upezeke.

Vuto limene limasautsa onsewa ndi madzi oyera otchedwa lymph. Mwa nyama zokwawa, njira za madziwa zimayenda moyandikana kwambiri ndi mitsempha ya magazi, makamaka mwa akamba. Singano ikaboola njira yotero, mujakisoni mumayamba kulowa madzi oyera kapena magazi otuwa. Magazi osungunuka chomwechi amanama: amaonetsa maselo ofiira ochepa, mapuloteni ochepa, ndipo nyama yathanzi imaoneka yodwala. Wodziwa ntchito akaona zimenezi amataya n'kuyambiranso ndi singano ina.

Kuchuluka kwa magazi otenga kuli ndi malire. Magazi a nyama yokwawa amalemera pakati pa 5 ndi 8 peresenti ya thupi lake, ndipo otenga sapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a magaziwo. Buluzi wolemera magalamu 100 angapereke pafupifupi theka la mililita, madontho khumi okha. Ng'ona yaikulu ingadzaze timabotolo tingapo osamva kanthu. Asanaimasule amaiyeza kutalika, kulemera ndi kutentha kwa thupi, amapisa chala potulukira chimbudzi kuti adziwe ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, ndipo amadula mamba angapo a pamchira motsatira ndondomeko ya manambala, kuti akadzaigwiranso adzaizindikire.

Tsopano magazi ali mujakisoni, ndipo chisankho chotsatira chimaoneka chaching'ono: alowe m'kabotolo kati? Ka chotsekera chofiira mulibe mankhwala, magazi amaundana okha n'kusiya madzi achikasu pamwamba, otchedwa serum. Ka chobiriwira muli heparin, woletsa magazi kuundana. Ka chapepo muli EDTA, amene zipatala za anthu zimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku powerenga maselo. Wozolowera magazi a anthu angathamangire ka chapepoko, koma mwa akamba ndi afulu a mitundu ina EDTA amaphulitsa maselo ofiira, magazi onse n'kusanduka madzi ofiira opanda ntchito. Kuonjezera apo, EDTA amamanga calcium ndi magnesium, zomwe mapuloteni opha mabakiteriya amafuna kuti agwire ntchito. Wofufuza amene wathira magazi a ng'ona m'kabotolo kolakwika akhoza kulengeza ndi mtima wonse kuti magaziwo sapha kanthu, pamene wawafoola ndi iye mwini. N'chifukwa chake powerenga maselo a nyama zokwawa ambiri amasankha heparin, ndipo poyeza mphamvu yopha tizilombo amakonda serum.

Dontho limodzi silidikira kabotolo. Amalidontheza pa kagalasi, n'kulikoka ndi kagalasi kena kuti lifalikire mopyapyala, monga amachitira a zachipatala poyeza malungo ndi maikulosikopu. Likauma amaliviika mu methanol kuti maselo asasinthe maonekedwe, ndipo utoto wa Giemsa amadzathira akafika ku labotale. Timabotolo tija timalowa m'bokosi lozizira, koma tisagundane ndi ayezi, chifukwa magazi athunthu akaundana ndi chisanu maselo amaphulika. Pasanathe maola ochepa ayenera kuzunguzidwa m'makina a centrifuge, omwe amakankhira maselo pansi n'kusiya madzi pamwamba. Magulu ena amanyamula kamakina koyendera batire ya galimoto n'kumazunguzira pagombe pomwepo. Madziwo amawagawa m'timabotolo ting'onoting'ono tambiri, n'kuwaumitsa mu nitrogen wamadzi pa madigiri 196 kunsi kwa ziro kapena mufiriji ya madigiri 80 kunsi kwa ziro. Kugawako kuli ndi cholinga: mapuloteniwa amafooka nthawi iliyonse imene asungunulidwa n'kuumitsidwanso, ndiye ndi bwino kusungunula kamodzi kokha kamene kakufunika tsikulo. Kumadera kumene magetsi amathimathima, apa ndi pamene ntchito ya miyezi ingathere usiku umodzi.

Ku labotale kumadikira vuto lina. Maselo ofiira a munthu alibe nyukiliyasi, ndipo makina owerengera magazi m'zipatala amadalira zimenezo posiyanitsa ofiira ndi oyera. Maselo ofiira a ng'ona, njoka, kamba ndi mbalame ndi aakulu, obulungira motalika, ndipo lililonse lili ndi nyukiliyasi. Makina amasokonezeka n'kuwerenga onse ngati oyera. Choncho munthu amakhala pa maikulosikopu n'kumawerenga yekha, selo ndi selo, pa kagalasi kojambulidwa timabokosi, atasakaniza magazi ndi mankhwala amene Natt ndi Herrick anakonza mu 1952 powerengera magazi a nkhuku. Pa kagalasi kopakidwa utoto kaja amawerenga maselo oyera 100 n'kuwagawa m'mitundu. Mtundu wotchedwa heterophil, womwe umagwira ntchito ya ma neutrophil a munthu, umachuluka nyama ikakhala pamavuto kwa nthawi, pamene ma lymphocyte amachepa. Kuyerekeza mitundu iwiriyi kumauza wofufuza ngati nyamayo ikukhala movutika. Nthawi zina m'maselo ofiira mumaonekanso tizilombo ta Hepatozoon, tomwe tapezeka m'ng'ona zakutchire za ku Okavango ku Botswana.

Kuyeza mphamvu yopha mabakiteriya n'kosavuta kumvetsa. Amasakaniza serum ndi mabakiteriya a E. coli owerengeka, n'kuzisiya kwa kanthawi pa kutentha kodziwika, kenako n'kuzipaka pa mbale ya chakudya cha tizilombo. M'mawa mwake amawerenga timadontho tomwe tamera, n'kuyerekeza ndi mbale ina yomwe sinalandire serum. Njira ina imagwiritsa ntchito maselo ofiira a nkhosa: serum yamphamvu imawaphulitsa, madzi n'kufiira, ndipo kufiirako n'kumene kumayezedwa.

Gulu la a Merchant linapita patsogolo n'kufunsa kuti chimene chikupha n'chiyani. Atatenthetsa serum pa madigiri 56 kwa mphindi 30, mphamvu yonse inatha. Chimenecho ndi chizindikiro chodziwika cha gulu la mapuloteni lotchedwa complement, omwe amamatirira pa khungu la bakiteriya n'kuliboola. Nafenso tili nawo, kungoti a ng'ona amagwira mitundu yambiri ya adani mosadikira kuti thupi liyambe lawadziwa. Izi zikugwirizana ndi zimene zimadziwika za nyama zokwawa. Zilibe timitsempha ta mwanabere timene mwa munthu timathandiza kukonza msanga ma antibody olunjika pa mdani mmodzi, ndipo kuti ma antibody awo achuluke pamatenga milungu ingapo. Zimadalira kwambiri chitetezo chobadwa nacho, chomwe chimamenya aliyense wachilendo nthawi yomweyo.

Koma chitetezo chimenechi chimayendera dzuwa. M'kafukufuku wa a Merchant uja, serum itazizira kufika pansi pa madigiri 15, mphamvu yake inachepa. Zimenezi zikukumbutsa ntchito yotchuka ya a Matthew Kluger, amene mu 1975 anabaya abuluzi a m'chipululu a ku America ndi mabakiteriya a Aeromonas hydrophila. Buluzi sangatenthetse thupi lake yekha, koma odwalawo ankasamukira dala pamalo otentha kwambiri. Amene anasungidwa pa madigiri 40 mpaka 42 ambiri anapulumuka, pamene osungidwa pozizira ambiri anafa. Choncho ng'ona yoothera dzuwa pamchenga ikuthandizanso chitetezo chake, ndipo wofufuza amene akuyerekeza magazi otengedwa m'nyengo yozizira ndi a m'nyengo yotentha osalemba kutentha kwa thupi akuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana.

Nkhani ya mankhwala ndi imene imakopa ndalama ndi atolankhani. Ku George Mason University, m'chigawo cha Virginia, a Barney Bishop ndi a Monique van Hoek anafuna magazi a Komodo, ng'azi yaikulu kuposa abuluzi onse padziko, yomwe kwawo ndi zilumba zochepa za ku Indonesia. Sanapite kutchire. Anawapeza ku St. Augustine Alligator Farm ku Florida, kumene osamalira nyama anatenga magazi okwana masipuni aakulu anayi kumchira kwa Komodo yaimuna yotchedwa Tujah. A Bishop anagwiritsa ntchito tinthu ting'onoting'ono tokonzedwa mwapadera tokoka timapuloteni totchedwa peptide m'madzi a magazi, ndipo mu 2017 analengeza kuti apeza 48 tooneka kuti tingaphe tizilombo. Anapanga 8 mu labotale, ndipo 7 tinapha mabakiteriya awiri ovuta m'zipatala, Pseudomonas aeruginosa ndi Staphylococcus aureus. Potengera kamodzi mwa timapuloteni ta Komodo anapanga katsopano kotchedwa DRGN-1, komwe kanapoletsa msanga zilonda za mbewa zoyeserera. Chosangalatsa n'chakuti chimene chinakopera anthu kwa Komodo, mbiri yoti m'kamwa mwake muli mabakiteriya oopsa ophera nyama, chinali chitatsutsidwa kale. Kafukufuku wa a Bryan Fry ndi anzawo mu 2013 anapeza kuti m'kamwa mwa Komodo muli tizilombo wamba topezeka mwa nyama zina zodya nyama.

Apa m'pofunika kulankhula mosapita m'mbali. Mu 2005 nkhani inamveka padziko lonse yoti magazi a ng'ona amapha HIV, a Merchant atagwira ntchito ndi a Adam Britton pa ng'ona za kumpoto kwa Australia. Zimene zinayezedwa zinachitikira m'timabotolo ta mu labotale, osati m'thupi mwa munthu. Serum yomwe imaphulitsa maselo a nkhosa singawachitire chifundo a munthu, ndipo kumwa magazi aawisi a nyama yokwawa ndi njira yotengera Salmonella ndi tizilombo tina. Kuchokera pa mbewa kufika pa mankhwala ovomerezeka ndi ulendo wa zaka zambiri, ndipo ambiri oyeserera amagwera panjira. Wogulitsa makapisozi a magazi a ng'ona akutsamira pa kafukufuku amene sananene zimene iye akunena. Nkhani za ng'ona zimathamanga kuposa umboni, ndipo kuno kwathu tikudziwa za ndulu yake. Mu January 2015 anthu 75 atamwalira atamwa mowa wamasese pamaliro ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ambiri analoza ndulu ya ng'ona. Kuyeza kunadzaonetsa kuti chinawapha ndi poizoni wa bongkrekic acid, wopangidwa ndi mabakiteriya omwe anamera mu ufa wa chimanga woonongeka.

Ng'onazo nazonso zimadwala ndi kufa. Mu 2002 ma alligator oposa 1,000 anafa pa famu ina ku Georgia ndi vairasi ya West Nile, yomwe inapezekanso mu nyama ya mahatchi imene ankawadyetsa. Ndipo kuyambira mu May 2008, oyang'anira Kruger National Park ku South Africa anayamba kupeza ng'ona zakufa m'chigwa cha mtsinje wa Olifants, pafupi ndi malire a Mozambique. Pofika kumapeto kwa chakacho anali atawerenga mitembo pafupifupi 170. Mafuta a m'thupi mwake anali atatupa, atauma gwa, atasanduka achikasu chodera, matenda otchedwa pansteatitis, omwe amalimbitsa mchira mpaka ng'ona kulephera kusambira. Milamba ya mumtsinjemo inapezekanso ndi matenda omwewo, ndipo ofufuza analoza kusintha kwa zakudya ndi kwa madzi, kuphatikizapo matope omwe anayamba kuunjikana m'chigwamo damu la Massingir litakwezedwa.

Kuti munthu aone mafuta otero ayenera kutumbula ng'ona yakufa kapena kucheka yamoyo. Magazi ndiwo amapereka mwayi woyeza ng'ona zambiri zamoyo n'kuzibweza m'madzi, koma nambala ya m'magazi ilibe tanthauzo ngati palibe ya ng'ona zathanzi yoiyerekeza nayo. N'chifukwa chake ntchito zooneka zosakopa, monga ya gulu la a Alison Leslie a pa yunivesite ya Stellenbosch, lomwe mu 2007 linafalitsa mmene magazi a ng'ona zakutchire za ku Okavango amakhalira, zimasanduka zofunika tsiku la mavuto. Ng'ona imakhala zaka makumi angapo, imadya nsomba zomwe zadya tinsomba tomwe tadya za m'matope, ndipo zoipa za mumtsinje zimathera m'thupi mwake. Asodzi a pa mtsinje womwewo amadya nsomba zomwezo.

Chomaliza chimene wofufuza amalimbana nacho ndi mapepala. Kugwira ng'ona kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndiponso cha komiti yoona kuti nyama sizikuzunzidwa. Kabotolo ka serum kakamadutsa malire a dziko kamawerengedwa ngati chiwalo cha nyama yotetezedwa pansi pa pangano la CITES, ndipo Komodo ili pa mndandanda woyamba, wokhwimitsitsa. Pangano la Nagoya la mu 2010 linaonjezera kuti dziko limene kwachokera nyamayo livomereze, ndipo lidzapindule nawo ngati m'magaziwo mutatuluka mankhwala ogulitsa. Zilolezo zimenezi zimatenga miyezi, ndipo nthawi yonseyo timabotolo timayenera kukhala chiumire mufiriji, mpaka tsiku limene tidzapakiridwe mu ayezi wouma kupita ku bwalo la ndege.